Tadyera Limodzi, Nanga Alipire Ndani?

Mumzinda wa Lilongwe muno nkhani sizichedwa kutha. Ya mafuta a galimoto imakula mizere ikatalika, mizere ikafupika nayonso imazilala. Ya mpira imatentha Lolemba m'mawa, pofika Lachitatu anthu aiwala amene anagoletsa. Koma ilipo ina yosatha, imene mungaimve m'minibasi ya ku Area 25, m'saluni ku Kawale, pabawo ku Biwi, ngakhalenso m'maofesi a ku City Centre nthawi ya nkhomaliro. Anthu akadyera limodzi kulesitilanti, alipire ndani? Alipire zingati? Nanga mtsikana kapena mnyamata amene wakhala akuthamanga ndi mbale uja, asiyiridwe kanthu kapena angouzidwa zikomo?

Pa chinthu chimodzi tauni yonse imagwirizana: kudya kumakoma mpaka kapepala kaja katafika. Chambo chatsala minga yokha, mafupa a nkhuku yachikuda aunjikana m'mbale, nthabwala zili mkati, ndiye wetala amabwera mwaulemu n'kuika bilu pakati pa tebulo. Apo ndiye pamaonekera luso la anthu. Foni imene yakhala chete madzulo onse imalira, mwini wake n'kutuluka nayo panja akufuula kuti sakumva bwino. Wina amakumbuka kuti m'manja simunayere, akasambenso. Wina amapapasa matumba onse mwadongosolo, la kumanja, la kumanzere, la kumbuyo, kenako n'kulengeza mwachisoni kuti chikwama chatsala m'thalauza la dzulo. Anyamata a ku Bwandilo amati munthu wotereyu ukamamuitananso, uyambe wamufunsa thalauza limene wavala.

Alipo ena osiyana ndi amenewa, amene bilu amachita kuilimbirana. "Ayi achimwene, lero ndi ine." "Iyayi bwana, inu munalipira ulendo watha." Kapepala kamapita uku ndi uku mpaka wetala kusowa woti amuyang'ane. Odziwa kuonerera amati uziyang'ana manja, osati pakamwa. Wofunadi kulipira amagwira kapepala, pamene wongokwaniritsa mwambo amagwira mkono wa mnzake mofewa, ndipo sachedwa kugonja.

Mkangano weniweni uli pakati pa magulu awiri. Loyamba ndi la "tigawane mofanana". Awa amati chinzake sichiyenda ndi kakyuleta. Tabwera asanu, bilu igawidwe pasanu, tinyamuke. Kuyamba kufunsana kuti iwe wadya chiyani, wamwa mabotolo angati, kwa iwo n'kuchititsana manyazi pamaso pa anthu. Ndipo pamene onse adyera m'mbale imodzi, monga pa nyama yootcha, mawu awo ndi omveka. Palibe angawerenge nthuli zimene mnzake watola osaoneka kuti sanaleredwe bwino.

Lachiwiri ndi la "aliyense zake", ndipo otsogolera ake ndi anthu osamwa mowa. Dandaulo lawo ndi lakalekale. Tiyerekeze kuti bilu ya anthu asanu yakwana K150,000. Pogawana mofanana aliyense apereka K30,000. Koma mmodzi wangodya chipisi ndi dzira n'kumwa Fanta, zonse K12,000, pomwe mnzake wadya chambo chathunthu n'kutsitsira ma Green angapo, zokwana K48,000. Wa Fanta uja watulutsa K18,000 yapamwamba kulipirira mowa umene mwina mpingo wake umaletsa. M'masaluni amayi amaifunsa motere: kunyumba ndimakana kugulira mwamuna wanga mowa, ndiye ndizikagulira mwamuna wa mnzanga? Saluni imafa nako kuseka, koma womutsutsa sapezeka.

Ine ndili kumbali ya wa Fanta, ndipo si chifukwa cha masamu okha. Kawirikawiri munthu woitanitsa chakudya chotchipa pagulu sikuti alibe njala. Wayamba wayang'ana mitengo, wawerengera za m'thumba mwake, wasankha chimene angakwanitse, n'kuuza anzake kuti wadya kale kunyumba. Ameneyo ndiye sangatsegule pakamwa bilu ikamagawidwa mofanana. Apereka mwakachetechete ndalama ya thiransipoti ya sabata yonse, aseka nawo, ndipo tsiku lina mukadzamuitana adzati watanganidwa. Magulu ambiri a anthu okondana amwazikana choncho, popanda wina kukwezera mnzake mawu. Woyambitsa zogawana mofanana nthawi zambiri amakhala amene wadya kwambiri, osati chifukwa cha nkhanza, koma poti m'thumba mwake muli bwino ndiye K30,000 ndi K12,000 kwa iye sizisiyana kwenikweni.

Ena apeza njira yoti onse akhutire. Chakudya amagawana mofanana ngati mitengo yake sikutalikirana, koma zakumwa zimalembedwa padera, omwa mowa n'kuthana okhaokha. Njira imeneyi yapulumutsa magulu ambiri a kuntchito, kumene mkulu wa mpingo ndi mwana wa ku Bwandilo amakhala ofesi imodzi.

Koma a "aliyense zake" nawo amakodwa pa msonkho. M'malo ena mtengo wa pamenyu umakhala ndi msonkho kale, m'malo ena umadzaonjezedwa pansi pa lisiti. Pa mlingo wa VAT wa 16.5 peresenti, umene tinauzolowera kwa zaka zambiri, mbale ya K20,000 inkasanduka ya K23,300, ndipo m'mahotela ndi m'malesitilanti olembetsedwa mumabweranso 1 peresenti ya zokopa alendo. Ndiye aliyense amaponya patebulo ndalama imene anaiona pamenyu, n'kuimirira, n'kutsanzika ndi mtima woyera. Wotsala ndi amene wagwira lisiti, akuwerenga mobwerezabwereza ndalama zosakwana. Pa anthu asanu odya za K20,000 aliyense, VAT yokha pa mlingo umenewu ndi K16,500, pafupifupi mbale ina yathunthu imene palibe anailawa. N'chifukwa chake gulu lililonse limathamangira kupereka lisiti kwa amene amagwira ntchito kubanki kapena kwa mphunzitsi wa masamu, ndipo anthu amenewa akudandaula kuti anasiya kudya momasuka.

Akuluakulu a pabawo amangopukusa mitu. Kwa iwo funso lenilenilo ndi lachilendo. Woitana ndiye mwini chakudya, basi. Ukauza mnzako kuti mukadye, wamuitana kwanu, kungoti khitchini ndi ya wina. Amakumbutsa za chidyerano, pamene mabanja a pamudzi ankatulutsa nsima ndi ndiwo zawo n'kudyera pamodzi, amuna paokha, akazi paokha. Wobweretsa nkhwani wotendera ankapisa dzanja m'mbale ya nkhuku ya mnzake, ndipo panalibe wolemba m'buku. Lero wakudyetsa ndi uyu, mawa udzamudyetsa ndiwe, kupatsa n'kuika.

Achinyamata sakana kuti mwambowo ndi wabwino. Amangoti unakhazikika nthawi imene ndiwo zinkachokera kudimba ndi kukhola. Mphamvu ya kwacha inachepetsedwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kuchepetsedwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Pepala la K5,000 litangotuluka mu 2022 anthu ankaliopa kulisintha, koma bilu ya anthu asanu ija ikufuna mapepala oterowo 30, wetala mpaka kunyowetsa chala powerenga. Munthu mmodzi akasenza zonsezo, ana kunyumba adya chiyani mwezi usanathe? Chomvetsa chisoni n'chakuti anthu ayamba kuopa kuitanana. Umamufuna mnzako, umalakalaka mutacheza, koma ukakumbukira kuti woitana ndiye wolipira umangomutumizira moni pafoni.

Amene amaseka kwambiri akamva mikangano imeneyi ndi amisiri omanga nyumba ndi mavenda odya memo. Kwa iwo nkhaniyi inatha kalekale. M'mawa aliyense amasonkha, wina n'kukagula ufa, usipa, tomato ndi nkhuni, ndipo masana mitanda imatuluka molingana ndi amene asonkha. Amene lero zamuvuta amanena m'mawa momwemo, anzake n'kumuikira, iye adzabweza akalandira. Pachiwaya napo ndi chimodzimodzi: umatchula kuti chipisi cha zingati usanatole ngakhale chimodzi. Palibe wodzidzimuka pamapeto, chifukwa ndalama yakambidwa mimba isanakhute. Kulesitilanti kokha ndiye timachita manyazi kutchula ndalama poyamba, n'kudzakwinyirana nkhope pomaliza. Ine ndimaona kuti woitana akanamanena pa uthenga womwewo ngati akudyetsa anthu kapena ngati aliyense abwere ndi yake, nkhani zambiri za m'minibasi zikanatha. Wosakwanitsa akanadziwa akadali kunyumba, n'kusankha yekha chochita popanda maso a anthu.

Pamene palibe wanena kanthu, tauni imadziwa yokha amene bilu iyenera kumugwera. Wayamba kumene ntchito. Wakwezedwa. Wangochokera ku wekishopu ku Mponela kapena ku Salima, ndipo aliyense akudziwa kuti m'thumba muli alawansi. Koma wovutika kuposa onse ndi wobwera kuchokera ku Joni. Munthu wakhala zaka akusamala maluwa a eni ake ku Johannesburg kapena kugulitsa m'shopu ku Cape Town, akugona anayi chipinda chimodzi kuti asunge ya malata. Wafika pa Khirisimasi, paliponse akakhala bilu imatembenukira kwa iye. Akakana, akuti wayamba kunyada. Akalola, malata amathera pa nkhuku ndi chipisi za anzake a kupulayimale.

Gulu lililonse lilinso ndi mmodzi amene onse amadziwa kuti salipira, ndipo palibe womuwerengera. Ntchito inamuthera, amanena poyera, koma akapanda kubwera tebulo limazizira, chifukwa nkhani zonse ndi zake ndipo pamaliro ndiye woyamba kufika. Ukaipa dziwa nyimbo. Anthu sadana ndi wosowa. Amadana ndi wobisa.

Mawetala nawo amathandiza kuweruza. Amayang'ana amene waika makiyi a galimoto patebulo, amene wavala tayi, amene mimba yatsogola, n'kuika bilu patsogolo pake. Amayi a pantchito akudandaula kwambiri pa ichi. Mayi waitana yekha anzake a kuofesi, ndalama watulutsa m'chikwama mwake aliyense akuona, koma chenji ikamabwera imapita kwa mwamuna amene wakhala pambali pake, pamodzi ndi "zikomo bwana". Dandaulo limeneli ndi loona, ndipo eni malesitilanti angalithetse mosavuta pophunzitsa antchito awo kuti bilu iziikidwa pakati, ndipo chenji izibwerera m'dzanja limene lapereka ndalama.

Ikafika pa zibwenzi, nkhaniyi imagawa minibasi pakati, kondakitala mpaka kuiwala kutolera ndalama. Mnyamata wasunga kwa milungu ingapo kuti akadye ndi mtsikana amene akumufuna. Mtsikana wafika ndi mnzake wapamtima, mnzakeyo wabwera ndi msuweni wake, ndipo msuweniyo ndi amene watsegula menyu patsamba la nsomba. Anyamata amati uku n'kubera munthu dzuwa likuswa mtengo. Atsikana amayankha kuti munthu wodziwana naye pa Facebook sungakakumane naye wekha ulendo woyamba, ndipo yankho limeneli si lopepuka. Mayi aliyense wa mwana wamkazi m'minibasimo amagwedeza mutu. Chimene amagwirizana pamapeto n'chakuti woperekeza ndi wololedwa, koma aitanitse chakumwa chimodzi n'kukakhala patebulo lina. Za tsiku lobadwa ndiye sizinathebe. Ena amati mwini tsiku adyetse anthu poti ndiye waitana, ena amati pa tsiku lake asagwire n'komwe chikwama, ndipo akuti zimachitika kuti mbali zonse ziwiri zafika chimanjamanja, iliyonse ikudalira inzake.

Ndalama za pafoni zinkayenera kuthetsa zambiri mwa izi. Airtel Money inayamba mu 2012, Mpamba wa TNM mu 2013, ndipo lero woiwala chikwama alibe pothawira poti foni ili m'manja. Koma kwabadwa mawu atsopano: "Lipira iwe, ndikutumizira." Kutumizako kumachedwa. Usiku womwewo netiweki yavuta. Mawa lake ejenti analibe fuloti. Mkuja uthenga wawerengedwa koma sunayankhidwe. Akatumiza, amatumiza ndalama ndendende osaika yotapira, kotero wolipira uja akapita kukatapa amadulidwanso. Ngongole ya K7,000 ya chakudya chimene chinagayika kale ndi yovuta. Ukaikumbutsa umaoneka wouma mtima, ukaisiya imakuwawa nthawi iliyonse mwini wake akaika chithunzi ali kunyanja. Magulu ena atengera njira ya zosonkha za ukwati ndi maliro: mayina onse pa WhatsApp, wapereka achongedwe. Akuti palibe chotulutsa ndalama msanga kuposa kuona dzina lako litatsala lokha losachongedwa.

Tsopano tifike kwa munthu amene sanadye nawo koma wakhala chiimire chifikire gulu. Anthu akamaliza kuwerengerana, ndalama yotsala patebulo imakhala yokwana ndendende, ndipo tipu imaiwalika. Aliyense amaganiza kuti mnzake waika. Kulipira pafoni kapena pakhadi kwakulitsa vutoli. Kale kankatsala kachenji kamene munthu ankachita ulesi kutola. Lero makina amadula ndalama ya palisiti, nkhani n'kuthera pomwepo.

Otsutsa tipu ndi ambiri ndipo salankhula monong'ona. Funso lawo loyamba ndi lakuti, kodi salandira malipiro? Lachiwiri limachokera kumsika. Amayi a tomato ku Lizulu amati chikhalire woonjezera ndi wogulitsa: ukagula mulu umapempha basela, ndipo amakuikira mmodzi kapena awiri kuti udzabwerenso. Zatheka bwanji kuti kulesitilanti woonjezera akhale wogula? Ena amati fungo lake likufanana ndi la "ya Fanta" imene imapemphedwa m'malo ena kuti pepala lako liyende, ndipo safuna ana azolowere zoterozo.

Mantha omalizawa ndimawamvetsa, koma zinthu ziwirizi n'zosiyana. Ya Fanta imaperekedwa ntchito isanagwiridwe, mobisa, kuti udumphe anzako pamzere kapena kuti ulandire chimene chinali chako kale. Tipu imabwera ntchito itatha, palibe wadumphidwa, ndipo ukapanda kupereka palibe chimene ungalandidwe. Pa funso la malipiro, tiyeni tiwerenge. Mu 2024 boma linakweza malipiro ochepetsetsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Bilu ya anthu asanu ija, ya madzulo amodzi, ikuposa patali ndalama imeneyo. Wonyamula mbalezo amaweruka usiku minibasi zitasiya kuyenda, n'kulipira njinga yamoto mpaka ku Mtandire kapena ku Chinsapo. Operekera zakudya amanenanso kuti m'malo ena tambula ikasweka kapena kasitomala akathawa osalipira, ndalamayo imadulidwa pa malipiro awo. Ndipo tisanamizane kuti Amalawi ndife ouma manja. Pa perekaniperekani timavina tikuponya ndalama mpaka makashiya kutopa ndi kusintha mapepala. Kusiyana kwake n'kwakuti kumeneko kuli nyimbo ndi wotchula dzina lako pachimkuzamawu, pamene tipu ilibe wokuombera m'manja.

Oyenda maiko amabwera ndi nkhani zawo, ndipo aliyense amalumbira kuti kumene anapita ndiye amachita bwino. Wa ku America amati ukapanda kusiya 15 mpaka 20 peresenti anzako omwe amakuyang'ana ndi diso lofiira. Chifukwa chake chilipo. Lamulo la boma lalikulu kumeneko limalola kuti wolandira matipu azilipidwa $2.13 pa ola, mlingo umene sunasinthe chiyambire 1991, bola matipuwo amufikitse pa $7.25 imene ndi malipiro ochepetsetsa a ena onse. Zigawo zina zinakweza pazokha, koma m'malo ambiri tipu ndiye malipiro enieni. Wa ku Joni amati 10 peresenti ndi poyambira, ndipo wothira mafuta ndi wolondera galimoto panja nawo amayembekezera kandalama. Amaonjeza kuti ambiri onyamula mbale ku Johannesburg ndi ku Cape Town ndi ochokera m'maiko oyandikana, ena mwa iwo abale athu, kotero ndalama zina zofika ku Mangochi ndi ku Mzimba kumapeto a mwezi zinasiyidwa patebulo ndi mlendo wokhuta. Amene anaphunzira ku Japan amadabwitsa onse: kumeneko tipu kulibe, ukasiya ndalama wetala akuthamangira nayo poyesa waiwala. Wa ku London amati malesitilanti ambiri amaonjeza okha 12.5 peresenti pabilu, ndipo kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo la ku Britain likukakamiza olemba ntchito kupereka matipu onse kwa antchito, kampani osatapako.

Lamulo limenelo likukhudza funso limene limafunsidwa kunonso. Mahotela ena ndi malesitilanti akuluakulu amalemba okha mzere wa service charge pansi pa bilu, kawirikawiri 10 peresenti. Kasitomala amaona mzerewo n'kunena kuti tipu yalipidwa kale, ndipo sakulakwa kuganiza choncho. Koma ndalamayo imalowa kaye m'thumba la kampani. Kuti ifika bwanji kwa wonyamula mbale, kwa wophika ndi kwa wotsuka mapoto kuseri, zimadalira mwini malo. Alipo eni malo okhulupirika amene amaigawa kumapeto a mwezi, ndipo zilipo nkhani za antchito amene amangoionera palisiti. N'chifukwa chake ozolowera kudya kunja amafunsa motsitsa mawu kuti, "Asisi, iyi imakufikani?" Yankho likakhala kumwetulira kopanda mawu, amapinda pepala n'kuliika m'dzanja.

Za kawerengedwe anthu amaziopa pachabe. Aliyense wopita kutchalitchi amadziwa chakhumi: pa ndalama yathunthu chotsani ziro womaliza. Bilu ya K150,000 tipu yake ndi K15,000, pa anthu asanu K3,000 aliyense. Akatswiri a m'maofesi ali ndi mkangano wawowawo, woti 10 peresenti iwerengedwe msonkho usanaikidwe kapena utaikidwa. Pa chakudya cha K100,000 ndi VAT ya K16,500, njira yoyamba ikupereka K10,000, yachiwiri K11,650. Kusiyana ndi K1,650, ndiye kuti K330 pamunthu pa anthu asanu, ndipo anthu ovala matayi amatha kutsutsana mpaka thukuta pa K330 imeneyo, wetala ataima pambali. Kuno kwathu mlingo wokhazikika palibe. Kwa mayi ophika nsima kumsika, kusiya chenji ya K500 kapena K1,000 n'kuyamika kokwanira, ndipo ngati m'thumba mwaumadi palibe amene akumange. Chimene ine ndimakana n'chakuti gulu limene lapeza ndalama ya botolo lomaliza la aliyense lisowe ya munthu amene watsegula mabotolo onsewo. Tipu iwerengedwe bilu isanagawidwe, ilowe m'gawo la aliyense, isasiyiridwe wotsala m'mbuyo.

Nawonso operekera zakudya ali ndi macheza awo, kuseri kwa khitchini ndi panjira yopita kunyumba. Amati makiyi a galimoto yaikulu satanthauza dzanja lotambasuka. Nthawi zambiri wosiya kanthu ndi munthu wamba amene amadziwa ntchito yoimirira tsiku lonse: namwino, mphunzitsi, kapena amene ananyamulapo mbale ku Joni. Amamudziwa kasitomala woitana ndi likhweru, amamudziwanso wofunsa dzina n'kudzalikumbuka ulendo wotsatira, ndipo akuti wachiwiriyu nsima yake sifika itazizira. Amakonda tebulo limene limanena poyambirira kuti mabilu akhale angati. Limene amaliopa kuposa onse ndi la anthu khumi ndi awiri a tsiku lobadwa, amene afika mmodzimmodzi, asinthana mipando pojambulitsa zithunzi, alawana mbale, atatu anyamuka kale kuthamangira kabaza, kenako wotsala wina n'kukweza dzanja kuti, "Achimwene, tipangireni aliyense bilu yake."